Mpeni, galasi ndi chipolopolo: mmene anthu anayambira kuona mphepo

Nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia, ija ya 1870 mpaka 1871, inasiya mkangano umene madokotala analephera kuuthetsa. Asilikali ena ankabwera ndi mabala osamvetsetseka. M'malo mwa kabowo kamene chipolopolo chimasiya, pankakhala chidzenje, mnofu utang'ambika ngati kuti china chake chaphulikira m'kati mwa thupi. Anthu anayamba kulozana zala. Eti asilikali a France ankawombera zipolopolo zophulika, zomwe mayiko a ku Ulaya anali atagwirizana kale ku St Petersburg mu 1868 kuti zisamagwiritsidwe ntchito pa munthu.

Mu 1881, pa chionetsero cha zamagetsi ku Paris, wasayansi wa ku Belgium dzina lake Louis Melsens anapereka yankho lina. Maganizo ake anali oti chipolopolo chothamanga kwambiri chimasenza mtolo wa mpweya wopanikizika patsogolo pake, ndipo mpweya umenewo ndi umene umang'amba thupi ngati bomba. Mwa anthu amene ankamvetsera munali mphunzitsi wa fizikisi wa ku yunivesite ya Prague, Ernst Mach. Dzinali mwina munalimvapo, paja ndege za nkhondo amati iyi imathamanga Mach 2. Iye anabwerera ku Prague ndi funso limodzi: mpweya umenewo, ngati ulipodi, tingauone?

Funso looneka lachibwana, koma lovuta. Mpweya ulibe mtundu. Ukapanikizika suda, ukamasuka suyera. Chimene umachita n'chimodzi chokha: umapinda kuwala. Kuwala kukamadutsa pamalo pamene mpweya wothithikana wakumana ndi wopepuka, kumakhota pang'ono. Zimenezi mumazidziwa kale. Pamwamba pa mbaula yoyaka, khoma la kuseri limaoneka ngati likuvina. Pamsewu wa tala mu Okutobala, kutsogolo kumaoneka ngati kuli madzi. Koma maso athu amagwira zimenezi pokhapokha kusiyanako kukakhala kwakukulu. Robert Hooke ku London anali ataziona kale pa lawi la kandulo m'zaka za m'ma 1600, nkhaniyo n'kungoiwalika.

Amene anaitola ndi August Toepler wa ku Germany, yemwe mu 1864 anafalitsa njira imene mpaka lero imatchedwa schlieren. Mawuwa ndi a Chijeremani, amanena za timizere timene timaoneka m'galasi losaumbidwa bwino. Zaka zochepa m'mbuyomo, Léon Foucault wa ku France anali atagwiritsa ntchito nzeru yofanana pofufuza zilema pa magalasi a makina oonera nyenyezi. Toepler anangoitembenuza: galasi likhale labwino, chilemacho tikachifune mu mpweya.

Njirayi ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa zonse zikubwerazi zatsamira pamenepa, ndipo kuphweka kwake n'kochititsa manyazi. Mumatenga nyale yaing'ono kwambiri, kadontho chabe ka kuwala. Kuwalako mumakudutsitsa pamalo amene mukufuna kuyeza, kenako galasi lokhota limakusonkhanitsanso pa kadontho kamodzi. Pa kadontho pamenepo mumaikapo mpeni woti utseke theka la kuwalako, ndipo m'malabotale ambiri mpaka lero mpeni wake ndi lezala wamba basi. Ngati mpweya uli chimodzimodzi paliponse, chithunzi chonse chimangochita kamdima pang'ono, mofanana. Koma pakakhala malo amene mpweya wapanikizika, kuwala kodutsa pamenepo kumaphonya kadontho kaja. Kwina kumagwera pa mpeni n'kutsekeka, pachithunzi pamada. Kwina kumalambalala mpeni, pachithunzi pamawala. Kukhota kuja diso silikanakuona kwasanduka mzere wakuda kapena woyera. Toepler anaona mafunde otuluka magetsi akathetheka, koma ankachita kuwajambula ndi dzanja, poti zojambulira za nthawi yake zinali zochedwa, sizikanagwira chinthu cha kamphindi kotero.

Mach anayesa ku Prague ndi mfuti yaing'ono ya m'manja. Chipolopolo chinaoneka pachithunzi, koma patsogolo pake panalibe kanthu. Apa m'pamene ndimamupatsira ulemu munthuyu, chifukwa wina akanangolengeza kuti Melsens wanama n'kupita kukagona. Mach anakayikira mfutiyo. Phokoso limayenda mu mpweya mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndipo uthenga uliwonse umene mpweya umapatsirana umayenda pa liwiro lomwelo. Chinthu chikamayenda mosafika pamenepo, mpweya wa kutsogolo umamva kuti kukubwera mlendo, umapatuka bwinobwino. Chikapitirira liwiro limenelo, chimafika uthenga usanafike. Mpweya umadzidzimuka, umaunjikana pa kamzere kopyapyala, ndipo pa kamzereko kupanikizika ndi kutentha zimalumpha kamodzin'kamodzi. Funde limeneli ndi lija amati shock wave. Kulira kwa chikwapu cha woyendetsa ngolo n'komweko, nsonga ya chikwapu imakhala yapitirira liwiro la phokoso. Chipolopolo cha kamfuti ka Mach chinali chisanafike pamenepo.

Pankafunika mfuti ya asilikali, choncho Mach analembera Peter Salcher, mphunzitsi wa pasukulu ya asilikali a pamadzi ku Fiume, mzinda umene lero ndi Rijeka ku Croatia. Salcher ndi mnzake Sandor Riegler ndi amene anagwira ntchitoyo mu 1886, m'chipinda cha mdima, Mach akulangiza kudzera m'makalata. Panalibe chala chimene chikanadina kamera pa nthawi yake, nde anakonza zoti chipolopolo chidzijambule chokha. Chikamadutsa chinkagunda timawaya n'kulumikiza magetsi, magetsi n'kuthetheka, kuwala kwa kamphindi kuja n'kusiya chithunzi. Zithunzi zake zinali zazing'ono zosafika ngakhale pa chikhadabo. Zotsatira zinasindikizidwa mu 1887 m'dzina la Mach ndi Salcher.

Pachithunzipo, patsogolo pa mphuno ya chipolopolo pali mzere wokhota umene ukutambasukira kumbuyo mbali zonse ziwiri, ngati mafunde a bwato likamang'amba madzi. Kumchira kuli mzere wina, ndipo pambuyo pake mpweya ukuwinduka ngati utsi. Mlandu wa Melsens unagamulidwa pakati. Mpweya wopanikizika ulipodi, koma si mtolo umene chipolopolo chasenza. Ndi funde lopyapyala, lopangidwa ndi mpweya watsopano kamphindi kalikonse, lopanda mphamvu zong'amba munthu chonchija. Chong'amba mnofu ndi liwiro la chipolopolocho chikalowa m'thupi. Funde lomwelo linafotokozanso chifukwa chake munthu amene chipolopolo chamudutsa pafupi amamva kulira kuwiri, kuthyapula kwa funde kaye, kugunda kwa mfuti n'kumabwera pambuyo. Linaperekanso choyezera chaulere. Chipolopolo chikamathamanga kwambiri mizere ija imathina, moti ukayeza kupendekeka kwake wadziwa liwiro. Liwiro likakhala kuwirikiza kawiri la phokoso, funde lofooka limapendekeka madigiri 30 kuchoka pa njira ya chipolopolo. Dzina loti Mach number linabwera mochedwa, mu 1929, kuchokera kwa Jakob Ackeret wa ku Zürich, mwini dzina atamwalira kale.

Chondiseketsa n'chakuti Mach yemweyu anakhala zaka zambiri akukana kukhulupirira ma atomu, poti palibe amene anali atawaona. Munthu wa ndione kaye. Pa ma atomu khalidwe limenelo linamusokeretsa, koma pa mpweya linamupindulira.

Tsono chipolopolo chili ndi vuto lake: chimadutsa kamodzi, basi chapita. Salcher ndi amene anaganiza zotembenuza zinthu, kuti chipolopolo chikhale phee, mpweya ndi umene uthamange. Kwa mpweya ndi chitsulo zilibe kanthu kuti akuyenda ndani. Ku Fiume komweko kunali fakitale ya Whitehead yopanga ma torpedo, mabomba oyenda pansi pa madzi, amene ankayendera mpweya wopanikizidwa. Salcher anapita kumeneko kukajambula mpweya ukutuluka mwamphamvu pa kabowo, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1889. Mu mtsinje wa mpweyawo munali mafunde opingasana mobwerezabwereza, ofanana ndi aja amaoneka m'lawi la kumbuyo kwa roketi. Maganizo amenewa ndi amene anadzabala wind tunnel yopitirira liwiro la phokoso: chipaipi cha mawindo agalasi mbali ziwiri, kachifanizo ka phiko kapena ka roketi katamangidwa pakati, kuwala kukulowa windo ili n'kutulukira linalo kupita ku mpeni.

Kuti mpweya uthamange chonchi m'paipi, paipiyo iyenera kuyamba yathina kenako n'kutambasuka, nzeru imene Gustaf de Laval wa ku Sweden anaigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1880 pa makina ake oyendera nthunzi. Ku Göttingen, Ludwig Prandtl ndi wophunzira wake Theodor Meyer anaika magalasi pa tipaipi totere n'kujambula zam'kati. Pofika 1908 Meyer anali atalemba masamu ofotokoza mmene mpweya wothamanga chonchi umakhotera. Khoma likaupindira m'kati umabala funde lopendekeka, likauthawa umatambasuka ngati mchira wa nkhukundembo. Masamu amenewo ophunzira uinjiniya akulimbana nawobe mpaka lero.

Mpeni sunali wokha. Pali njira ina yosafuna mpeni n'komwe, yongoponya mthunzi wa mpweya pa pepala, imene Vincenc Dvořák, amene anakhalapo wothandizira wa Mach, anaifotokoza mu 1880. Imeneyi amaitcha shadowgraph. Ndi yotchipa ndipo mizere yakuthwa imaionetsa bwino, koma zosintha pang'onopang'ono imaziphonya. Palinso ya Ludwig Zehnder ndi Ludwig Mach, mwana wa Ernst, ya mu 1891 ndi 1892. Kuwala amakugawa pawiri, kwina kudutsa mu mpweya woyezedwawo, kwina kulambalala, kenako kukumananso n'kupanga mizeremizere imene munthu angawerenge n'kupeza nambala yeniyeni ya kuthithikana kwa mpweya. Yokongola ndithu, koma yosachedwa kusokonezeka, nyumba ikangogwedezeka pang'ono mizere yabalalika. Schlieren inakhala yapakati, n'chifukwa chake ndi imene inafala.

Umboni wa mpeni unadzafunika kwambiri ndege zitayamba kuthamanga. Ku Langley, ku Virginia m'dziko la America, akatswiri a bungwe la NACA, kholo la NASA, ankaona kuti phiko likayandikira liwiro la phokoso limataya mwadzidzidzi mphamvu yake yonyamula, pomwe mphamvu yolikokera m'mbuyo ikukwera. Manambala ankasonyeza zimenezo koma osanena chifukwa. Mu 1934 John Stack ndi Eastman Jacobs anaika schlieren pa tunnel yawo yaing'ono. Pamsana pa phiko panaoneka mzere utaima, ndipo kuseri kwa mzerewo mpweya unali utalekana ndi phiko n'kumangowinduka. Chodabwitsa chinali chakuti mpweya wa mu tunnel unali usanafike pa liwiro la phokoso. Unkalipitirira pokhapo pokwera msana wa phikolo, pomwe umathamanga kwambiri. Theodore Theodorsen, katswiri wamkulu wa fizikisi pamalopo, poyamba anakana, akuti n'chinyengo cha magalasi chabe. Sichinali chinyengo. Mu Novembala 1941 woyendetsa ndege Ralph Virden anafa poyesa ndege ya nkhondo ya P-38, imene inkati ikatsika chamutu pa liwiro lalikulu, mphuno yake inkalowerabe pansi woyendetsa akukoka ndi mphamvu zake zonse. Gwero la vutolo linali kamzere kaja ka pachithunzi.

Koma Theodorsen tisamuseke kwambiri. Chithunzi cha schlieren chimaonetsa china chilichonse chopinda kuwala, osasankha: kachilema ka pawindo, mpweya wotentha wa m'chipinda, funde logunda khoma n'kubwerera. Chimaphwatalitsanso zonse za m'njira ya kuwala n'kuziika pa pepala limodzi, moti za pakati ndi za pafupi ndi windo zimaoneka ngati zili pamodzi. Ukatembenuza mpeni kuti uime m'malo mogona, mizere ina imasowa, ina n'kutulukira. Pa msonkhano waukulu wa Volta ku Rome mu 1935, komwe Jacobs anaonetsa zithunzi za ku Langley ndipo Adolf Busemann anafotokoza za mapiko opendekera kumbuyo, Prandtl anaonetsa chithunzi cha mafunde opingasana ngati X m'kati mwa paipi, pamalo popanda cholibala. Nanga funde likuchokera kuti? Carl Wieselsberger wa ku Aachen anaganizira chinyezi, ndipo Rudolf Hermann, amene ankagwira naye ntchito, anadzatsimikiza. Mpweya ukamatambasuka m'paipi muja umazizira koopsa. Wolowa uli pa madigiri 20 umatsika mpaka cha m'ma 110 pansi pa ziro ukafika Mach 2. Chinyezi chake chimasanduka nkhungu mwadzidzidzi, n'kutulutsa kutentha kumene kumasokoneza mayendedwe onse. Chithunzi sichinaname ayi, koma chinkanena za nyengo ya tsikulo, osati za ndege. Mankhwala ake anali kuumitsa mpweya usanalowe, ndipo chimodzi mwa zoumitsira chinali silica gel, timibulu tija mumatipeza m'kathumba m'bokosi la nsapato zatsopano, kolembedwa kuti musadye.

Hermann yemweyo ndi amene anakamanga wind tunnel ya ku Peenemünde, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, komwe asilikali a Germany ya Hitler ankakonza roketi ya V-2. Malo oyezera anali masentimita 40 mbali iyi, 40 mbali inayo. Kumapeto kwake kunali chimpira chachikulu chachitsulo chimene ankachipopa mpaka mpweya kutheramo. Akatsegula, mpweya wakunja unkathamangira m'chimpiramo kudutsa pa kachifanizo ka roketi kwa masekondi pafupifupi 20, ndipo anafika nayo pa Mach 4.4. Zithunzi za kumeneko n'zaudongo, karoketi katavala mizere yowongoka ngati suti yochokera kwa telala. Mulibe munthu m'zithunzizo. Roketi zenizeni zinkamangidwa m'mapanga a pansi pa phiri pafupi ndi Nordhausen, ndi akaidi a msasa wa Mittelbau-Dora, ndipo m'misasa imeneyo munafa anthu pafupifupi 20,000, kuposa amene V-2 inapha ku London, ku Antwerp ndi kwina komwe inagwa. Kukongola kwa zithunzi zimenezi ine sindikukana, koma sindiziyang'ana nthawi yaitali. Ndege za Britain zitaphulitsa Peenemünde mu Ogasiti 1943, tunnel ija inasamutsidwira ku Kochel, ku Bavaria. Nkhondo itatha a ku America anaiphwasula n'kukaimanganso ku White Oak, ku Maryland, ndipo Hermann nayenso anakagwira ntchito ku America.

Chipolopolo sichinachoke m'nkhaniyi. Pafupi penipeni ndi liwiro la phokoso ma tunnel a nthawiyo ankatsamwa, mafunde atatseka paipi. N'chifukwa china chimene opanga Bell X-1, ndege imene Chuck Yeager anapitirira nayo liwiro la phokoso pa 14 Okutobala 1947, anaiumbira motengera chipolopolo cha mfuti yaikulu, chinthu chimene ankadziwa kale kuti chimadutsa pamenepo osapepesuka.

Pa nthawi imeneyo aliyense ankadziwa kuti chothamanga chiyenera kukhala chosongoka. Koma chinthu chobwerera padziko kuchokera kutali mumlengalenga chimabwera ndi liwiro loti mphuno yosongoka imasungunuka. Pazithunzi zimaoneka bwino, pa nsonga yakuthwa funde limamatirira pa chitsulo, mpweya wotentha n'kumakwecha thupi lonse. H. Julian Allen wa ku Ames, ku California, anazindikira cha mu 1951 kuti mphuno yophwatalala imakankhira funde patsogolo kuti lichoke pa chitsulo, ndipo kutentha kochuluka kumapita ndi mpweya m'malo molowa m'chombo. Lipoti limene analemba ndi Alfred Eggers mu 1953 linasungidwa mwachinsinsi kwa zaka zingapo, poti nkhani yake inali ya mizinga yoponyedwa kutali, ija yonyamula mabomba a nyukiliya. Ku Ames ankawombera tizifanizo ndi mfuti, nthawi zina moyang'anizana ndi mphepo ya mu tunnel, n'kujambula mithunzi yake. Mukaone chithunzi cha shadowgraph cha kachifanizo ka chombo cha Mercury, kutsogolo kwake kophwatalala ngati chivindikiro cha mphika. Funde laima patali pang'ono ndi mphuno, lokhota, mbale wake weniweni wa lija la pa chipolopolo chobulungira cha ku Fiume. Zombo za Apollo zinabwerera kuchokera ku mwezi zitabisala kuseri kwa funde lotero.

Masiku ano mpeni wayamba kupumako. Cha m'ma 2000 kunabwera njira imene imangofuna kamera, kompyuta ndi khoma la timadonthomadontho. Umajambula khomalo kawiri, koyamba popanda kanthu, kachiwiri mpweya ukudutsa patsogolo pake, kenako kompyuta imayeza mmene kadontho kalikonse kasunthira. Ndi kuvina kuja kwa khoma la kuseri kwa mbaula, kungoti pano kukuwerengedwa. Poti sifuna magalasi akuluakulu, njirayi inatuluka mu tunnel n'kupita panja. Mu Malichi 2019 NASA inatulutsa zithunzi za ndege ziwiri za T-38 zikuuluka moyandikana pa liwiro lopitirira la phokoso, mafunde awo akulowana ndi kupindana. Kamera inali mu ndege ina yoyenda pang'onopang'ono, mamita pafupifupi 600 pamwamba pawo, ikujambula zithunzi 1,400 pa sekondi, ndipo khoma la timadontho linali tchire la m'chipululu cha ku California. Ankakonzekera kudzayeza X-59, ndege yomwe akufuna kuti izipitirira liwiro la phokoso popanda chibingu chija chimene chinachititsa kuti Concorde izithamanga chonchi makamaka ili pamwamba pa nyanja. Mukazipeza pafoni zithunzizo muona zina zofiirira ngati moto, zina zabuluu. Mitunduyo anachita kupaka pambuyo pake, kamera inajambula zakuda ndi zoyera.